Mbiri ya Tayala la Galimoto, ndi za Kasungidwe Kace

Ambiri a ife okhala kumidzi tiribe galimoto, ndipo kapena wina adzafunsa nati, Nanga nkhani ya matayala itikhudza bwanji ife? Koma taganizani, abale. Pamene tipita ku Blantyre kukazonda wodwala ku cipatala cacikuru ca Queen Elizabeth, kapena kukaceza kwa ana athu ku Ndirande ndi ku Bangwe, tikwera minibasi. Ndipo m'menemo miyoyo ya anthu khumi ndi asanu, kapena oposa, itsamira pa matayala anai, ndi tayala liri lonse likhudza mseu pa kamalo kofanana ndi cikhato ca munthu wamkuru. Ndiponso ana athu ena a m'tauni ali nao magalimoto ao masiku ano, ndipo ndarama imene itayika pa tayala lotha msanga ndi yomweyo ikadagula feteleza wa munda wa amai ao. Cifukwa cace tayesa nkwabwino kulongosola kumene cinthu cimeneci cinacokera, ndi umo cinafikira m'dziko lathu, ndi zimene anthu aphunzira za ico pa zaka zoposa zana.

Makolo athu sanayendetse katundu pa magudumu. Pamene Mishoni ya Blantyre inakhazikika m'caka ca 1876, ndi pamene John ndi Frederick Moir anayamba malonda a kampani imene tiichula Mandala m'caka ca 1878, katundu yense wocokera ku nyanja yamcere anakwera ndi mtsinje wa Shire kufikira kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, ndipo pamenepo amuna a mtengatenga anamsenza pamutu, nakwera naye mapiri kufikira ku Blantyre. Azungu ndi odwala anayenda m'macira. Ndipo pali cinthu cimodzi ca amacira cimene tifuna kuti mucisunge mumtima, pakuti tidzabwererako: iwo sanalole kuti anthu awiri omwewo asenze mtengo wa macira ulendo wonse ai. Anayenda gulu, ena atasenza, ena nathamanga pambali. Ndipo pofika pakuti, analandirana osaimitsa ulendo, kuti phewa la munthu mmodzi lingathe ena akali ndi mphamvu. M'zaka za m'ma 1890 Captain Sclater anakonza mseu wa ngolo wocokera kucigwako kudzera ku Blantyre kunka ku Zomba, ndipo sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre m'caka ca 1908.

Pa nthawi yomweyo, kutsidya la nyanja, anthu analikulimbana ndi mphira. Mphira ndiwo utomoni wa mtengo, ndipo pokhala wosakonza uli ndi cirema: kukatentha unanda, kukazizira uuma nuthyoka. Munthu wa ku America, dzina lace Charles Goodyear, anapeza m'caka ca 1839 kuti ukausanganiza ndi sulufule ndi kuuphika pamoto, ukhala wolimba ndi wotanuka nyengo zonse. Iye mwini sanalemere nako. Anamwalira ndi mangawa m'caka ca 1860, ndipo kampani ya matayala yochedwa ndi dzina lace anaiyamba anthu ena, iye atagona kale m'manda zaka zambiri. Pambuyo pace Robert William Thomson wa ku Scotland analingalira za gudumu lokhala ndi mpweya m'kati, nalembetsa nzeru yaceyo ku Boma m'caka ca 1845. Koma anthu sanaisamale, popeza magalimoto kunalibe. Inaiwalika kufikira caka ca 1888, pamene mnzace wa dziko lomwelo, John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wokhala ku Belfast, anamvera cifundo mwana wace pomuona alikugwedezeka pa kanjinga ka magudumu atatu m'miseu ya miyala. Anapanga chubu ca mphira, nacipopa, nacikulunga ndi nsaru pa gudumu. Posacedwa okwera njinga onse anacifuna. Ku France abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lotheka kulicotsa ndi kulimata m'caka ca 1891. Ndipo m'caka ca 1895 anabveka galimoto matayala a mpweya pa mpikisano wocokera ku Paris kunka ku Bordeaux ndi kubwerera. Matayalawo anaphulika kawirikawiri panjira, anthu nawaseka. Koma galimoto inafika.

Tsono dziko lonse linamva njala ya mphira, ndipo apa mbiriyi iri ndi mwazi. Mphira wabwino unali kucokera m'nkhalango za ku Brazil; koma m'Africa muno munalinso mitengo yoyanga yokhala ndi utomoni wotere. Ku Congo, dziko limene mfumu Leopold II ya ku Belgium inaliyesa munda wace ciyambire 1885, midzi inalamulidwa kupereka muyeso wa mphira. Ndipo mudzi ukaperewera, asilikari anagwira akazi cikole, natentha nyumba, napha anthu, nadula manja. Amishoni ena ndiwo anayamba kuulula zimenezi ndi makalata ndi zithunzi. Roger Casement analemba zoona zace m'caka ca 1904, ndipo m'caka ca 1908 dzikolo linacotsedwa m'manja mwa mfumuyo. Sitidziwa cinthu cina ca pa galimoto cimene cinagulidwa ndi misozi yocuruka cotere.

Kuno kwathu nakonso anthu analowa m'nkhalango kukacheka mitengo yoyanga ija. Mtundu wina wa iyo Azungu anauchula Landolphia kirkii, kukumbukira John Kirk amene anakwera Shire pamodzi ndi David Livingstone m'caka ca 1859. Anthu anaumba utomoniwo timipira, nagulitsa kwa amalonda. Koma popeza ambiri anadula tsinde lomwe pofuna kupeza zambiri msanga, mitengoyo inacepa m'zaka zowerengeka. Ndipo malondawo anaphedwanso ndi cinthu cina. M'caka comwe cija ca 1876, pamene amishoni analikumanga misasa yao yoyamba ku Blantyre, Mngerezi wina, Henry Wickham, anaturutsa mbeu 70,000 za mtengo wa mphira ku Brazil, napita nazo ku munda wa Kew ku London. Zinamera zosakwana 3,000. Koma mbande zace zinatumizidwa ku Ceylon ndi ku Malaya, ndipo pofika 1913 minda ya kumeneko inagwetsa mtengo wa mphira pa dziko lonse. Cotsala kwa ife ndi munda wa Vizara ku Nkhata Bay, umene a Mandala anaubzala kumayambiriro a zaka za m'ma 1900. Amene anayendapo pa mseu wa ku Chintheche anaiona mitengo yace ya m'mizere, ndi tizikho tolandira utomoni, ndi anyamata ogulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa mseu. Mphira tiri nao. Koma matayala atsopano a galimoto tigula ocokera kunja.

Matayala oyambawo anali ofooka. Thupi lao linali la nsaru ya thonje, maonekedwe ao otuwa, ndipo munthu wa pa ulendo wautali ananyamula machubu ndi zigamba monga kamba wa panjira. Kuda kumene tiona lero kunadza m'zaka za m'ma 1910, pamene opanga anapeza kuti mwaye wosalala, ukasanganizidwa ndi mphira, ucititsa tayala kukhalitsa kwambiri. Malole a pa nkhondo ya 1914, amene anathandizana ndi amtengatenga zikwi zambiri kutengera cakudya ca asilikari kumpoto, ambiri anali ndi matayala a mphira wokhawokha wopanda mpweya, ndipo anakumba miseu ya dothi koopsa.

Koma mphunzitsi wamkuru wa kusunga matayala anali nkhondo yaciwiri. M'mwezi wa February 1942 Ajapani analanda Singapore, ndipo minda ya mphira ya ku Malaya ndi maiko oyandikana nayo inagwa m'manja mwao. Pamenepo tayala linasanduka cinthu ca mtengo wapatali. Ku America Boma linaletsa kugula matayala mwaufulu, nililamula kuti galimoto isapitirire mailosi 35 pa ora, popeza liwiro lidya mphira. Ndipo eni magalimoto anaphunzitsidwa kuyesa mpweya sabata ndi sabata, kusinthanitsa matayala, ndi kubveka mphira watsopano pa tayala lakutha. M'maiko ambiri a Africa anthu anatumidwanso kuchire kukafuna mitengo yoyanga ija inaiwalika. Ndipo akatswiri anafulumira kupanga mphira wocokera ku mafuta a pansi, umene uli gawo lalikuru la tayala la galimoto yaing'ono kufikira lero. Nkhondo itatha, m'caka ca 1946, a Michelin analembetsa tayala la mtundu watsopano, limene nsambo zace ziyenda mopingasa kucokera ku mlomo wina kunka ku unzace, ndi lamba wa waya pansi pa mizere yace. Limeneli likhalitsa koposa lakale lija, ndipo ndilo liri ndi lemba R m'nthiti mwace. Matayala opanda chubu anawanda m'zaka za m'ma 1950.

M'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, malonda athu anayang'ana kumwera, ndipo a Dunlop anatsegula nyumba yopangira matayala ku Bulawayo m'caka ca 1959. Blantyre ndi Limbe zinalumikizidwa kukhala tauni imodzi m'caka ca 1956. Anthu a nchito anacuruka, namanga m'tsinde mwa mapiri: Ndirande pansi pa phiri la dzina lomwelo, Chilomoni kuyang'ana ku Michiru, Zingwangwa kufupi ndi Soche, Bangwe kupitirira Limbe, ndipo pambuyo pace Machinjiri anakula kumbali ya ku Chileka. Koma masiku amenewo munthu wamba wa kumeneko anadziwa tayala la njinga lokha. Popita kutali anakwera basi ya United Transport, imene inali ndi amakaniko ace oyang'anira matayala. Wokwera sanafunikire kuganizapo. Mabvuto anadza ndi nkhondo ya ku Mozambique. Pofika 1984 njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinali zitatsekeka, katundu nazungulira pa malole ulendo wautali, ndipo ciri conse ca kunja cinakwera mtengo kufikira mtendere wa 1992.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi caka ca 1994. Malonda anamasuka, Kwacha inaleka kugwiridwa ndi Boma, ndipo magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Minibasi zinadzaza miseu ya ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Potero nchito yosankha tayala, imene kale inali ya makaniko wa kampani, inagwera mwini galimoto mmodzi mmodzi, munthu amene madzulo awerenga ndarama za tsikulo ndi kulingalira za lendi. Ndipo monga kunadza kaunjika wa zobvala, momwemonso kunadza kaunjika wa matayala. Nthawi iri yonse Kwacha ikagwa, monga inagwa ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, ogula tayala latsopano acepa, ndi ogula la kaunjika acuruka. Sitiwadzudzula ai, umphawi suli cimo. Koma pali masamu amene wogulitsa sadzakuuzani.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono liri ndi mizere yakuya monga mamilimita 8. Mizereyo siiri yokometsera; ndiyo ngalande zoturutsira madzi, kuti mphira ugwire mseu pa mvula. M'kati mwa ngalandezo opanga anaikamo timilatho tating'ono ta msinkhu wa mamilimita 1.6, ndipo mphira ukatha kufikira kulingana ndi timilathoto, nchito ya tayalalo yatha. Cotero mphira wodyeka pa tayala latsopano ndi mamilimita 6.4. Tsono tiyerekeze kuti munthu apeza la kaunjika lotsala ndi mamilimita 4, looneka bwino ndithu, nalipira theka la mtengo wa latsopano. Iye ayesa kuti wagula theka la tayala. Koma cotsani 1.6 pa 4, mutsala ndi 2.4, ndiko kunena kuti wagula gawo limodzi la magawo atatu ndi kakhwiru pamwamba, pa mtengo wa theka. Ndipo zimene tayalalo linakomana nazo kwao, maenje amene linagunda ndi masiku amene linayenda lopanda mpweya wokwanira, palibe angamuuze.

Zaka zace zokha ndizo sizibisika, pakuti zinalembedwa. M'nthiti mwa tayala muli mzere wa malemba, kawirikawiri woyamba ndi DOT, ndipo ciyambire caka ca 2000 mzerewo utha ndi manambala anai: awiri oyamba anena sabata, awiri otsiriza anena caka. Mukawerenga 2319, mudziwa kuti linapangidwa sabata ya 23 ya caka ca 2019. Mphira ukalamba cinkana sunayende. Uuma, nucita ming'alu yaing'ono ngati citendene ca m'cirimwe, makamaka pa dzuwa lathu lino. Opanga ambiri alangiza kuti lopitirira zaka zisanu liziyang'anidwa caka ndi caka, ndi kuti lofika zaka khumi licotsedwe, mizere ikhalepo kapena ai. Malemba ena anena msinkhu. Pa 185/70 R14, nambala yoyamba ndiyo kutambalala kwace m'mamilimita, yaciwiri inena kuti kutalika kwa nthiti ndi magawo 70 pa 100 a kutambalalako, ndi 14 ndiwo mainchesi a citsulo ca gudumu. Tayala la minibasi liyenera kukhala ndi lemba C, monga 195R14C, kusonyeza kuti linapangidwira katundu wolemera. Kubveka Toyota HiAce yodzala anthu tayala la galimoto yaing'ono, cifukwa cakuti lalowa pa citsulo, ndiko kusenzetsa mwana mtolo wa atate wace. Ndiponso magalimoto ambiri a ku Japan afika ndi matayala a nyengo ya cisanu coundana, okhala ndi cizindikiro ca phiri ndi kanyenyezi ka cipale. Mphira wao ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la mwezi wa October utha msanga, nucedwa kuima pogwira mabuleki.

Pali cinyengo cimodzi cimene tiyenera kucichula poyera. Ena atenga tayala losalala, nasema mizere yatsopano ndi mpeni wotentha, nalipaka polishi wakuda. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Matayala ena a malole akuru anapangidwa ndi mphira wocindikala kuti asemedwe, ndipo opanga analembapo comweco. Koma la galimoto yaing'ono liribe mphira wotere, ndi mpeniwo ufika pafupi ndi waya. Kumeneku nkosiyana ndi kubveka mphira watsopano m'nyumba ya makina, kumene ayamba ayesa thupi la tayala ngati liri lamoyo. Imeneyo ndi nchito yoona, ndipo eni malole ndi mabasi apulumutsa nayo ndarama zambiri.

Miseu ya m'malokeshoni a ku Blantyre iri ndi nkhanza zace zace. Iri pa zitunda, ndipo madzi a mvula otsika m'mapiri akumba m'mphepete mwa phula nasiya mlomo wakuthwa. Namondwe Freddy, m'mwezi wa March 2023, anakokolola miseu ndi milatho pamodzi ndi nyumba ndi miyoyo ya anthu ambiri. Popeza m'dziko muno tiyenda kumanzere, ndi minibasi ziima kumanzere kukweza ndi kutsitsa anthu, matayala a mbali imeneyo ndiwo atsika ndi kukwera mlomo uja tsiku lonse. Tayala likagunda dzenje kolimba, nsambo za m'nthiti ziduka, ndipo pabuka cotupa ngati cithupsa. Msomali wolasa pamimba pa tayala, pamene pali mizere, amakaniko a ku Ndirande aumata bwino ndithu, ndipo luso lao lidziwika m'tauni monse. Koma cotupa ca m'nthiti ciribe cigamba, ndipo womata pamenepo angobisa bala.

Munthu wodziwa awerenga tayala monga mlenje awerenga mapazi a nyama. Likatha m'mbali zonse ziwiri, pakati pali bwino, layenda ndi mpweya wocepa. Likatha pakati pokha, analipopa kopitirira. Likadyeka mbali imodzi, magudumu apotoka cifukwa ca maenje, ndipo kugula tayala lina musanawaongole ndiko kuthira madzi m'dengu. Mwa zonsezi coopsa ndi mpweya wocepa, pakuti tayala lophwa pang'ono lipindika ndi kuongoka pa kuzungulira kuli konse, nilitentha m'kati kufikira mphira ulekana ndi waya. Ndimo matayala aphulikira pa mseu wotsikira ku Chikwawa masiku otentha, galimoto italemedwa. Muyeso woyenera sauyesa ndi maso, kapena ndi kuponda ndi phazi monga acita ena. Unalembedwa pa kacitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa. Pa galimoto yaing'ono ukhala bar 2 kapena kuposa pang'ono, ndi pa minibasi yodzala ufika pafupi kuwirikiza. Auyesa m'mawa tayala likali lozizira, kamodzi pa mwezi ngakhale kawiri, osaiwala la sipeya. Ndipo tayala lotentha ndi ulendo salicotsa mpweya, cinkana muyeso uoneke wokwera.

Tsopano tibwerere kwa amacira aja. Matayala anai a galimoto sasenza mofanana. Pa magalimoto ang'ono a masiku ano, monga Sienta ndi Vitz zimene zadzaza tauni, injini ikoka ndi magudumu a kutsogolo; omwewo ndiwo akhota, ndi omwewo alandira gawo lalikuru la mabuleki. Akasiyidwa pamalo pao, a kutsogolo atha a kumbuyo akali ndi mizere yambiri. Cifukwa cace awalandiritsana, pakapita makilomita 8,000 kapena 10,000. Ambiri acita ici pa tsiku losintha oilo, kuti angaiwale. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo, a kutsogolo apita kumbuyo mbali yao yomweyo, ndi a kumbuyo adza kutsogolo mopingasa, la kumanzere kunka kumanja. Pa yokankha ndi kumbuyo, monga HiAce ndi mapikapu, acita mobwerera: a kumbuyo adza kutsogolo molunjika, ndi a kutsogolo apingasa popita kumbuyo. Amakaniko akale anaphunzitsidwa kuti tayala la R lisaoloke kunka mbali yina, ndipo ena aumirirabe pamenepo. Lamulolo linali la matayala oyamba a mtunduwo, ndipo lero litsala pa okhawo okhala ndi mubvi m'nthiti wosonyeza kumene ayenera kuzungulira.

Pali cina cimene ambiri acikana pocimva koyamba. Munthu akakhala ndi ndarama ya matayala awiri okha, mtima umuuza kuti atsopanowo apite kutsogolo kumene kuli ciongolero. Koma opanga matayala, atayesa pa miseu yonyowa, alangiza kuti apite kumbuyo. Kutsogolo kukaterereka woyendetsa amva m'manja, nacepetsa liwiro. Koma kumbuyo kukaterereka galimoto itembenuka yonse, ndipo ngakhale woyendetsa wa zaka zambiri alephera kuibweza.

Tayala likacoka pa galimoto silinathe nchito m'dziko lino. Lina lipita ku ngolo ya ng'ombe, kumene liwiro liri locepa, nilikhalanso zaka. Lina alidula nkhwaira zosatha ndi minga. La chubu alilenga malegeni omangira mtolo pa njinga ndi kuponyera mbalame. Ana alikunkhuniza ndi timitengo tiwiri m'makwalala a ku Chilomoni. Ena aika matayala pa denga la malata kuti lingauluke ndi mphepo, ndipo amenewo ayenera kuwaboola, pakuti madzi okhala m'kati mwace ndiwo nyumba ya udzudzu. Ndipo citsulo ca gudumu la lole, copacikidwa pa nthambi ya mtengo wa mango, ndico belu limene liitana ana ku sukulu ndi akuru ku mapemphero m'midzi yathu yambiri.